Kodi Myuda Ndani?

Mu mzinda wa Livingstone, kufupi ndi mathithi akulu a Mosi-oa-Tunya, muli nyumba ina yopemphereramo imene inayamba kumangidwa m'caka ca 1928. Pamwamba pa khomo lace amisiri anaikapo nyenyezi ya nsonga 6, imene ichedwa Nyenyezi ya Davide. Eni ace a nyumbayo anali Ayuda, ndipo inali sunagoge wao. Patapita zaka Ayudawo anacepa mu mzindamo, nyumba ija nisanduka chalichi ca Akristu. Koma nyenyezi ija anaisiya pomwepo.

Ambiri a inu munamva za Ayuda m'nkhani za m'Baibulo, ndipo kapena muganiza kuti iwo ndi anthu amakedzana amene anatha pamodzi ndi Afilisti. Iai ndithu. Lero pa dziko lonse lapansi pali Ayuda oposa 15 miliyoni. Pafupifupi theka la iwo liri m'dziko la Israel, ena ambiri ali ku America, ndipo otsala ali balalabalala ku France, ku Canada, ku Britain, ku Argentina, ku South Africa ndi kwina. Ena ndi oyera khungu. Ena ndi akuda monga ife, ngati Ayuda ocokera ku Ethiopia, kapena aja a ku Mbale m'dziko la Uganda amene anayamba kutsata Ciyuda pamodzi ndi mtsogoleri wao Semei Kakungulu mu 1919. Ena apemphera katatu pa tsiku, ena caka citha osaponda m'sunagoge. Nanga cimene cigwirizanitsa onsewa nciani?

Munthu wa kuno kwathu mukamfunsa kuti, "Ndinu yani?" achula mudzi wace, mfumu yace ndi mfunda wace. Koma Ayuda anakhala zaka mazana ambiri opanda dziko laolao ndi opanda mfumu yao. Lamulo lao lakale linena kuti mwana wobadwa kwa mai Waciyuda ndi Myuda. Ici sicidzadabwitsa Acewa ndi Ansenga, pakuti kwa iwonso mwana awerengedwa ku mbumba ya amai ace. Mlendo angathe kulowa, monga analowera Rute Mmoabu. Komatu Ayuda sayenda m'midzi kukopa anthu. Wofuna kulowa ayamba waphunzira nthawi yaitali, kenaka aonekera pa bwalo la akulu atatu, namizidwa m'madzi; ndipo kuyambira tsiku lomwelo achedwa mwana wa Abrahamu ndi Sara monga ena onse. Gulu lina la Ayuda a ku America, lochedwa Reform, linabvomerezana mu 1983 kuti mwana amene atate ace okha ndiwo Ayuda nayenso awerengedwe, ngati aleredwa m'Ciyuda. Magulu ena akana, ndipo mlandu umenewo sunathe kufikira lero.

Koma lamulo lingotiuza amene awerengedwa. Silitiuza cimene munthu amva mumtima mwace pamene anena kuti, "Ine ndine Myuda." Kuti timve ico tiyenera kulowa m'nyumba zao, ndipo cifukwa cace ndi ici. Kale mtima wa cipembedzo cao unali Kacisi wa ku Yerusalemu, kumene ansembe anali kupereka nsembe. M'caka ca 70 asilikali Aciroma anapasula Kacisiyo, ndipo sanamangidwenso. Mitundu yambiri ikatayikidwa malo ace opatulika imasungunukira mwa anansi ace, nizimirira. Aphunzitsi Aciyuda, ochedwa arabi, anapeza njira yina. M'malo mwa nsembe anaika mapemphero, maphunziro ndi nchito zacifundo. Ndipo gome lodyerapo m'nyumba analiyesa ngati guwa la nsembe. Cotero Ciyuda cinasanduka katundu amene banja lingathe kusenza kuli konse kumene lithawira: buku, tsiku lopumula, madyedwe, ndi anthu ocepa oti munthu apemphere nao.

Tiyeni tsono tilowe m'nyumba ya banja losunga miyambo, tsiku Lacisanu madzulo. Kwa Ayuda tsiku latsopano liyamba dzuwa likalowa, cotero Sabata lao liyamba Lacisanu madzulo ndi kutha Loweruka pamene nyenyezi zitatu zaoneka kumwamba. Usana wonse m'nyumbamo munali pikitipikiti: kusesa, kuphika, kusamba ndi kubvala zobvala zabwino. Dzuwa liri pafupi kulowa, amai ayatsa makandulo awiri, naphimba maso ao ndi manja, nanena mau a dalitso. Akaphenyula, nchito yatha. Cimene sicinasokedwe cidzasokedwa mkuja. Atate aika manja ao pamutu pa mwana ali yense namdalitsa, mmodzi mmodzi, kuyambira wamkulu. Pagome pali cikho ca vinyo ndi mikate iwiri yolukidwa ngati cingwe, yobvundikiridwa ndi nsalu. Mikateyo ikhala iwiri kukumbukira mana a m'cipululu, amene makolo ao anali kutola miyeso iwiri tsiku lacisanu ndi cimodzi kuti asatole pa Sabata. Atadalitsa vinyo ndi mkate, adya mosafulumira, nayimba, nacezerana kufikira makandulo atazima okha. Mlendo wopanda kwao amene apezeka m'sunagoge usiku umenewo kawirikawiri sabwerera yekha. Wina amtenga kukadya naye.

Arabi anawerenga mitundu 39 ya nchito zoletsedwa pa Sabata, monga kulima, kukolola, kuphika, kusoka, kulemba, kumanga ndi kukoleza moto. Osunga mwambo kwambiri sakwera galimoto tsikulo, sagwira ndalama, sakhudza lamya, ngakhale kuyatsa magetsi. Mwina muyesa tsiku lotero ndende. Koma taganizani za mwana amene atate ace akhala m'sitolo kuyambira m'mawa kufikira usiku masiku 6. Pa tsiku limodzi ili atatewo alibe kothawira, ali pakhomo, ndipo ali ndi nthawi yomva zonena za mwanayo. Lamulo lipumitsa mwini nyumba ndi wanchito wace yemwe, ngakhale ng'ombe ndi buru. Loweruka madzulo ayatsa kandulo yoluka, napatsirana kabokosi ka zonunkhira kuti onse anunkhize, monga ngati atengeko fungo la Sabata polowa m'masiku a nchito. Kusunga tsikuli kuli ndi mtengo wace, pakuti m'maiko ambiri Loweruka ndilo tsiku la malonda. Myuda wa sitolo ayenera kusankha pakati pa Sabata ndi ndalama, ndipo ambiri atsegula sitolo Loweruka cinkana makandulo anayaka Lacisanu.

Madyedwe ao nawo awakumbutsa katatu pa tsiku kuti iwo ndi yani. Cakudya cololedwa cichedwa kosher. Nyama iyenera kukhala ya ziboda zogawanika ndi yobzikula, cotero ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa adya, koma nkhumba ndi kalulu iai. Nsomba iyenera kukhala ndi zipsepse ndi mamba: kapenta ndi wololedwa, mlamba ndi woletsedwa. Mbewa ndi mphalabungu sayandikira konse, koma mitundu ina ya dzombe iri yololedwa, ndipo Ayuda a ku Yemen anali kudya dzombe monga ife. Mwazi saudya. Nyama ndi mkaka saziphika pamodzi, kotero kuti m'nyumba zosunga mwambo muli mbale ndi miphika ya nyama payokha, ya mkaka payokha. Si onse atsata zonsezi. Alipo ena amene anasiya malamulo ambiri, koma nyama ya nkhumba yokha iwakanika pakhosi, monga munthu amene anacoka kumudzi kalekale koma sangathe kudya cimene agogo ace anali kusala.

Phwando limene ana alikonda koposa ndilo Paskha, limene ligwa m'mwezi wa Marici kapena Epulo, nthawi imene kuno kwathu mvula iri kutha ndipo tiri kudya cimanga caciwisi. Masiku angapo phwando lisanafike asesa nyumba yonse kucotsa nyenyeswa iri yonse ya mkate wotupitsa. Usiku woyamba banja lonse, ndi abale ndi alendo, likhala pagome pa mwambo wochedwa seder, ndiko kunena dongosolo. Pagomepo pali mkate wosatupitsa, wopyapyala ndi wouma, wonga umene makolo ao anaphika mofulumira pothawa ku Aigupto, dziko limene lero tilicha Egypt. Pali ndiwo zowawa zotulutsa misozi, zokumbutsa ukapolo. Pali madzi a mcere. Pali phala la zipatso ndi mtedza looneka ngati dothi limene akapolo anali kumangira nyumba za Farao. Tsono cimene cicitika ndi ici: mwana wamng'ono koposa onse, amene wakhala akuphunzira mau ace masabata angapo, aimirira pamaso pa akulu, nafunsa mafunso anai. Afunsa za mkate woumawo, za ndiwo zowawazo, za kubviika cakudya kawiri, ndi za kudya motsamira monga adyera mfulu. Akulu sayamba kusimba mwana asanafunse. Ndipo poyankha, atate sasimba ngati nkhani ya anthu ena akale. Anena monga ngati iwo eni, ndi ana ao ali pomwepowo, ndiwo anali akapolo naomboledwa. Pochula miliri 10 imene inagwera Aaigupto, ali yense adonthetsa dontho la vinyo kucokera m'cikho cace, ndipo ambiri afotokoza kuti cikho ca cimwemwe siciyenera kudzala pamene adani omwe anabvutika. Kuti ana asagone, abisa cidutswa ca mkate uja, ndipo mwana wocipeza alandira mphatso. Cakumapeto atsanulira cikho cina mneneri Eliya, natuma mwana kukatsegula citseko.

Mwambo umenewu ndi sukulu yocenjera ndithu. Mwana amene walawa kuwawa ndi lilime lace, naimirira ndi manyazi pamaso pa agogo ace kufunsa funso, saiwala msanga. Ici ndico cifukwa cace ngakhale Ayuda amene sapemphera, ndi ena amene anena poyera kuti sakhulupirira Mulungu, ambiri a iwo afika ku seder caka ndi caka. Kwa oterewa kukhala Myuda ndiko kukhala ndi mpando pagome limenelo, ndi kudziwa kuti nkhani yosimbidwapo ndi ya banja lao.

Caka cao catsopano ciyamba mu Seputembala kapena kuciyambi kwa Okutobala, ndipo awerenga zaka mosiyana ndi ife: mu Seputembala 2025 analowa m'caka ca 5786. Acilandira ndi kuliza nyanga ya nkhosa yamphongo. Ayuda a ku Yemen aliza nyanga yaitali yopotana ya ngoma, nyama ya m'chire ija tiidziwa. Pa tsiku lakhumi la cakaco pafika Yom Kippur, Tsiku la Citetezo, pamene akulu asala cakudya ndi madzi omwe maola ngati 25. Koma ciphunzitso cao cinena kuti tsikulo lifafaniza zimene munthu analakwira Mulungu. Zimene analakwira mnzace sizifafanizika kufikira atapita yekha kwa mnzaceyo kukapepesa ndi kubweza cimene anatenga. M'sunagoge aulula macimo onse pamodzi monga gulu, munthu nachula ngakhale macimo amene iye mwini sanacite, pakuti ayesa kuti colakwa ca mmodzi cikhudza onse.

Apa tafika pa cinthu cimene ine ndiciyesa cacikulu koposa. Alipo mapemphero amene Myuda anganene ali yekha. Koma ena akulu safuna munthu mmodzi, afuna anthu 10 akulu msinkhu. Gulu limeneli lichedwa minyan. Safunika wansembe, safunika rabi, ngakhale nyumba yopatulika. Anthu 10 m'cipinda ca kuseri kwa sitolo akwanira. Ayuda a ku Ulaya ali ndi mwambi wakuti arabi 9 sakwana minyan, koma osoka nsapato 10 akwana. Kwa osunga mwambo wakale awerengedwa amuna okha. Magulu ena lero awerenga akazi omwe. Mnyamata ayamba kuwerengedwa akafika zaka 13, ndipo pamenepo achedwa bar mitzvah, ndiko kunena mwana wa lamulo. Pa tsikulo aitanidwa kutsogolo kukawerenga Torah, ndiwo mabuku 5 a Mose, olembedwa ndi dzanja pa cikopa cacitali cokulunga. Mpukutu umodzi uli ndi zilembo 304,805, ndipo cilembo cimodzi cikalakwika sauwerenganso pagulu kufikira utakonzedwa. Zilembo za Cihebri za mumpukutumo ziribe zizindikiro zoonetsa kachulidwe ndi kaimbidwe, cotero mnyamatayo aphunzira miyezi yambiri kuti asaphonye. Atsikana ali ndi mwambo wao pa zaka 12 kapena 13. Taonani ulemu wace: dzulo anali mwana wothamanga pabwalo, lero amuna 9 a ndebvu angathe kukhala pansi kumdikira iye kuti ayambe kupemphera.

Kufunika kwa anthu 10 kuoneka bwino pa maliro. Myuda akamwalira, kagulu ka anthu odzipereka, onga adzukulu a kwathu, kasambitsa mtembo ndi kuubveka nsalu yoyera yopanda cokometsera, yofanana kwa wolemera ndi wosauka. Amuika msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace. Anamfedwa ang'amba cobvala cao pacifuwa, nakhala pa timipando tatifupi masiku 7 osapita ku nchito, ndipo cakudya coyamba pobwera kumanda sadziphikira okha, aphikiridwa ndi anansi. Pamenepo mwana wa womwalirayo ayenera kunena pemphero lochedwa Kaddish tsiku ndi tsiku miyezi 11. Cozizwitsa ndi cakuti pempherolo silichula imfa konse, lingolemekeza Mulungu. Ndipo linapangidwa mwa kuyankhana, wofedwa anena, gulu liyankha, kotero kuti silinenedwa popanda minyan. Tanthauzo lace mwaliona kodi? Munthu wosweka mtima, amene akadafuna kudzitsekera m'nyumba, ayenera kubvala nsapato m'mawa uli wonse ndi kukafuna anzace 9. Ndipo 9 aja ayenera kusiya nchito zao ndi kubwera, cinkana womwalirayo sanamdziwe. M'mizinda ya Ayuda ambiri si cacilendo kuona munthu ataima pakhomo pa sunagoge kufunafuna Myuda wongodutsa kuti akhale wakhumi. Samfunsa ngati ali wolemera kapena wophunzira, ngakhale ngati anasunga Sabata lapitalo.

Tsono ganizani za Ayuda oyamba kufika m'dziko lino. Ambiri anacokera ku Lithuania ndi ku Latvia, maiko ozizira amene pa nthawiyo anali pansi pa mfumu ya Russia, kumene Ayuda anali osauka ndi oletsedwa zinthu zambiri. Mu 1901 anyamata awiri apacibale, Elie ndi Harry Susman a m'tauni ya Rietavas, anaoloka Zambezi kukagula ng'ombe ku dziko la Alozi m'masiku a Mfumu Lewanika. Ena anawatsata, natsegula masitolo m'mbali mwa njanji, ndipo pambuyo pace ku Migodi. Munthu wokhala yekha pa kasiteshoni ka m'chire analibe womphera nyama monga mwa mwambo, ndipo atate ace akamwalira ku Ulaya anayenera kuyenda ulendo wautali kuti apeze anzace 9. Cifukwa cace pali ponse pamene anakwanirako, coyamba anasonkhana kukhala mpingo, napatula malo a manda, namanga sunagoge. Ku Livingstone mpingo unalipo kale mu 1910, caka ca ukwati woyamba Waciyuda m'dziko lino. Pambuyo pace masunagoge anamangidwa ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Kitwe, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Ayuda m'dziko lino anafika ngati 1,000.

Ena a iwo anabwera mothawa. Mu 1933 Adolf Hitler anatenga ulamuliro ku Germany, ndipo cipani cace ca Nazi cinaphunzitsa kuti Ayuda ndiwo gwero la mabvuto onse a dziko. Maiko ambiri anatseka zitseko zao. Northern Rhodesia, monga linali kuchedwa dziko lino, inalandira mazana ocepa mu 1938 ndi 1939. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 Anazi ndi owathandiza anapha Ayuda 6 miliyoni, ndiye kuti mmodzi mwa Ayuda atatu ali onse a pa dziko lapansi. Sanafunse ngati munthu apemphera kapena iai. Anayang'ana magazi a makolo ace basi. Ku Lithuania anaphedwa oposa 9 mwa 10 ali onse. Mnyamata wina, Simon Zukas, anacoka m'tauni ya Ukmergė ya ku Lithuania nafika kuno mu 1938, ali wa zaka ngati 13. Patangopita zaka zitatu Ayuda a m'tauni ya kwaoyo anatengedwa kunkhalango naomberedwa mfuti. Kuyambira nthawi imeneyo kukhala Myuda kuli ndi katundu winanso, ndiye kukumbukira. Ayuda ocokera ku Ulaya wa kum'mawa acha mwana dzina la mbale womwalira, ndipo ana ambiri obadwa itatha nkhondo anasenza maina a anthu opanda manda.

Musayese kuti anthu odya pagome limodzi aganiza cimodzi. Zukas uja anakula nakhala injiniya, naima pamodzi ndi anthu akuda kukana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Boma la Atsamunda linamgwira nimpitikitsira ku Britain mu 1952. Dziko litalandira ufulu mu 1964 anabwerera, nakhala nduna ya Boma m'zaka za m'ma 1990, ndipo anamwalira ku Lusaka mu 2021. Koma Roy Welensky, woyendetsa sitima wa ku Broken Hill, ndiyo Kabwe, amene analimbikira Citaganyaco nakhala nduna yace yaikulu kuyambira 1956 kufikira 1963, nayenso atate ace anali Myuda wa ku Lithuania. Ambiri otsala anali amalonda cabe, okhala monga Azungu ena a masiku a tsankho lija. Comweconso pa za dziko la Israel, limene linakhazikitsidwa mu 1948. Ena aliyesa kwao kwenikweni, ena anena kuti kwao ndi kumene anabadwira. Ndipo pa mkangano wa dzikolo ndi Apalestina, umene wapha anthu ambiri ndi kusowetsa ambiri pokhala, Ayuda eni atsutsana kolimba, ngakhale m'banja limodzi. Kutsutsana si cacilendo kwa iwo. Buku lao lalikulu la malamulo, Talmud, ladzala ndi makani a arabi, ndipo olemba ace anasunga mau a ogonja pamodzi ndi a opambana.

Ayuda a dziko lino anacepa pang'onopang'ono. Ana anapita kukaphunzira kunja osabwerera. Ofuna kukwatira Myuda mnzao anasowa woti amkwatire. Ndipo mu 1968 Boma linasintha malamulo a malonda kuti masitolo ambiri akhale m'manja mwa nzika za dziko lino. Mabanja anasamukira ku South Africa, ku Britain, ku Israel ndi kwina. Mwana wina wobadwira ku Mazabuka mu 1943, kumene makolo ace anali ndi sitolo, dzina lace Stanley Fischer, anakhala mkulu wa banki yaikulu ya Israel kuyambira 2005 kufikira 2013. M'tauni imodzi ndi inzace linafika tsiku limene anawerengana nalephera kukwana 10, ndipo masunagoge anatsekedwa kapena kugulitsidwa. Mwa mabanja akale aja otsala ndi ocepa kwambiri. M'bwalo la Railway Museum ku Livingstone anatsegulamo kanyumba kosungiramo zithunzi ndi mbiri yao.

Manda ao alipo ku Livingstone, ku Lusaka, ku Ndola ndi kwina, ndipo pa miyala yace pali zilembo za Cihebri zowerengedwa kucokera kumanja kupita kumanzere. Ayuda pocezera manda saika maluwa kawirikawiri. Atola kamwala pansi nakaika pamwamba pa mandawo. Mukadzaona timiyala totero pa manda ena musatisese. Kapena anafika mdzukulu wocokera ku Johannesburg kapena ku London, nawerenga dzina limene iye mwini achedwa nalo, nasiya kamwalako.